Chimene Chinapinda Pakamwa pa Jonsaba

Pamaso pake ndinkamutchula Koto, monga mkazi wamng'ono amatchulira wamkulu, ndipo ndinkagwada pomupatsa madzi. Pano ndimutchula dzina lake lenileni, Jonsaba Kinteh, chifukwa anagona kale kumanda a ku Farafenni ndipo sangandigendenso ndi chikho. Kwa zaka khumi ndi zisanu mayi ameneyu anasiya tauni yonse ikunena kuti ine Tida ndi amene ndinamulodza, pomwe iye ankadziwa bwinobwino chimene chinamupinda pakamwa. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha kwa iye: atsegule pakamwa popindikapo, anene pamaso pa anthu kuti si ine.

Ndiyambe ndi zabwino zake, mungati ndi nsanje ya pamitala ikulankhula. Jonsaba anabadwira m'mudzi wina wa ku Baddibu, ndipo mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Analeredwa ndi mkazi mnzawo wa mayi akewo, amene ankamudyetsa makoko a mpunga otsala pansi pa mphika. Ndiye za mitala sanachite kuuzidwa ndi munthu, anazilawa ali kamwana. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anamupereka kwa a Kemo Darboe, ogulitsa nkhosa, ndipo anawatengera mimba khumi ndi imodzi, ana amoyo n'kutsala asanu ndi mmodzi.

Kudimba la amayi kunalibe wofanana naye. Dzuwa lisanatuluke iye amakhala atakoka kale ndowa makumi anayi pachitsime, zingwe zitamudula m'manja mpaka zikhatho kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Anyezi wake ankamulondola anthu ochokera kutsidya kwa malire ndi ngolo za akavalo, ndipo pa lumo, msika waukulu wa Lamulungu lililonse, matumba ake ankatha ena asanamalize kuyala. Ana ake onse anaphunzira ndi anyezi ameneyo, osati ndi nkhosa za bambo awo. Izi ndikuvomera, ndipo ndazinena kamodzi, sindibwerezanso.

Ine ndinalowa pakhomopo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, iye ali ndi makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Pa ukwati wanga anavina mpaka fumbi koboo, anandimanga mpango ndi manja ake, ndipo ine chitsiru ndinati ndapeza mayi. Anandigawira masiku monga mwa mwambo: awiri iye, awiri ine, ndipo wophika ndi amene amagona kwa bambo. Nthawi imeneyo mkazi akabereka ankachoka pamzerewo mpaka mwana ataleka kuyamwa, masiku onse n'kudya mnzake.

Patatha miyezi inayi, linali tsiku langa lophika. Ndinaphika domoda, ndiwo yotendera ya nyama ya nkhosa, nsinjiro zake zochuluka bwino, ndipo masana amayi tonse tinazungulira beseni. Jonsaba anatapa kawiri. Kachitatu mpunga unayamba kugwa pakona ya milomo yake. Anafuna kunena kanthu koma mawu anatuluka ngati a munthu wodzaza madzi m'kamwa, kenako anapendekera kumanzere n'kugwera pamwendo panga.

Anagona kuchipatala milungu isanu. Anabwerako pakamwa patapindikira mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende, mwendo ukukhukhuluzika pansi. Achipatala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga kwambiri. Koma mlamu wanga Filijay, mlongo wa amuna athu, anati sitiroko yake yodikira domoda wa mkwatibwi ndiye itiyo? Anawoloka mtsinje kupita kwa moro wina, sing'anga wolemba zithumwa, ndipo anabwerako ndi yankho lomwe ananyamuka nalo pakhomo, lakuti dzanja lachokera m'bwalo momwemo.

Lilime la Jonsaba litamasuka, Filijay anamufunsa amayi atadzaza bwalo.

"Mlamu, tiuze. Mtima wako ukuloza ndani?"

Jonsaba anatembenuza maso pang'onopang'ono mpaka anandipeza pamene ndinaima ndi mtsuko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kukhoma.

"Mulungu ndiye akudziwa," anatero.

Bola akanangonditchula dzina, ndikanalimbana naye. Koma mawu ngati amenewo ungawatsutse bwanji?

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mfiti ya pakhomo pa a Darboe. Pa zikondwerero zopatsa mwana dzina ankandipatsa ntchito yotsuka mabeseni, kumiphika ayi. Kudimba, ndowa yanga ikatuluka m'chitsime, ena ankayamba adikira ngati ndathiramo kanthu. Mayi anga anasiya kupita ku lumo chifukwa cha manyazi, ndipo anamwalira asanapondekonso. Amuna athu sanandithamangitse komanso sananditeteze. Ankangoti zonse ndi za Mulungu, n'kutembenukira ku nkhosa zawo.

Dimba litamukanika, Jonsaba anasamutsira mphamvu zonse za anyezi zija kulilime. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pakati pa bwalo, ndodo pambali, akuswa mtedza ndi dzanja limodzi poumenyetsa pampando, ndipo palibe nkhuku yomwe inkadutsa osadzudzulidwa.

"Manyo!" Ankandiitana choncho, mkwatibwi, mpaka ine ndili ndi ana anayi. "Tandipatsa madzi."

Ndikabweretsa, makamaka pakakhala alendo, ankasuzumira m'chikhomo ngati mwagwera ntchentche.

"Yamba wamwako iwe. Ine ndatsala ndi mbali imodzi yokha, ndiyenera kuisamala."

Ndipo ndinkamwa, alendo akuyang'ana zala zawo za kumapazi. Masiku ake kwa bambo sanatayepo ngakhale limodzi. Mwana wake wamkazi Sona ankamuphikira, iye n'kudzikoka ndi ndodo kupita kuchipinda cha a Kemo, ngakhale tonse tinkadziwa kuti akungokaliza mkonono. Zaka zisanu ndi zinayi tinakhala choncho, ndipo ndinkamuda moti kulira kwa ndodo yake kokha kunkandiwonongera tsiku.

Mwana wanga wachisanu, Karamo, anatsala pang'ono kunditenga. Ndinataya magazi ambiri, ndipo mzamba anandiuza mosapsatira kuti ndikatenga mimba ina msanga, ana anga adzaleredwa ndi ena. Koma nthawi inali itasintha kale. A Kemo anati zodikira zaka ziwiri ndi za makolo, masiku makumi anayi akakwana basi, ndibwerere pamzere. Za kulera pakhomo pathu sizinkatchulidwa. Iwo ankati mkazi womwa mankhwala otseka mimba ndiye kuti ali ndi wina kunja, ndipo wotero apite kwawo, ana atsale. Kuchipatala sindikanapita ndekha, chifukwa benchi ya amayi olera ili poonekera, ndipo mkazi wa telala woyandikana nafe ankagulitsa madzi ozizira pageti pomwepo.

Ndiye ndinapita ku lumo. Pakati pa ogulitsa zingwe ndi ogulitsa mankhwala a makoswe pankakhala bambo wina wa dzino lagolide, woyala mankhwala pamkeka, padzuwa. Sanandifunse zaka zanga, sanandifunse za mwana amene anali kumsana, sanandifunse ngati ndimadwala chilichonse. Nditamufunsa kamwedwe kake anayankha maso ali kwina.

"Mumamwa mukafuna kuti agwire ntchito, mayi. Wina abwere!"

Ine ndinaganiza monga mkazi aliyense wa pamitala akanaganizira. Ndiwonongerenji mankhwala pa masiku a Jonsaba? Ndinkamwa pa masiku anga ophika okha, awiriawiri kuti akhale ndi mphamvu, masiku ake n'kupuma. Ndinawabisa m'kachitini kanga ka lubani, pansi pa zofukiza.

Sipanatenge nthawi mkaka unayamba kuchepa, Karamo n'kumalira akukoka bere lopanda kanthu. Mutu waching'alang'ala ndinali nawo kuyambira utsikana, koma unkabwera mwa apo ndi apo. Tsopano unkabwera sabata iliyonse. Tsiku lina masana ndikutakasa mphika, timagetsi tinayamba kuphethira m'maso mwanga, theka la mphika n'kusowa, ndipo chipande chinangogwa chokha m'manja. Zala zinali dzanzi. Ndinachitola, chinagwanso. Nditatukula mutu ndinaona Jonsaba wasiya kuswa mtedza, akundiyang'ana dwii.

Mawa lake nditabwera kuchitsime anandiitanira m'chipinda chake, momwe ndinali ndisanapondemo chigwereni iye. Pamwendo pake panali kachitini kanga ka lubani, kotsegula.

"Tseka chitseko, manyo."

"Koto, mwayamba kuba tsopano? Ndi mwendo umodzi womwewo?"

"Mwendo umodzi ndi wokwanira kufufuza chipinda cha chitsiru. Izi n'chiyani?"

"Mankhwala a mutu."

"A mutu! Ine ndatenga mimba khumi ndi imodzi, iwe wa dzulodzulo undinamize? Wagula kwa wapamkeka uja wa dzino lagolide, eti?"

Ndinadziona ndili pamsewu wopita kwathu ndi kamtolo pamutu, ana anga asanu atatsala m'manja mwa mayi ameneyu.

"Umamwa bwanji?" anafunsa.

"Masiku anga okha. Awiriawiri."

Anaseka, kuseka kwake koipa kuja kotulukira mbali imodzi, mpaka anatsamwa.

"Mulungu wanga, a Kemo anakapeza kuti bulu ameneyu? Tamvera. Mawa ndi tsiku langa lokayezetsa bipi. Undiperekeza ndiwe, osati Sona. Ukakana, kachitini aka ndikaika pambali pa mbale ya a Kemo, adzifunsire okha kuti lubani wamtundu wanji ameneyu."

M'mawa pakhomo panali chiphokoso. Filijay anagwira m'chiuno pakati pa bwalo.

"Mlamu, wapenga? Uyende ndi ameneyu awiriwiri?"

"Akandimalizira kunjira, simudzavutikanso kuwoloka mtsinje kukafunsa," anatero Jonsaba, akundikankha ndi ndodo kuti ndimukweze pangolo.

Ngolo yake anachita kusankha, ya bulu, ya nkhalamba ina yogontha makutu onse. Kuchipatala ankamudziwa aliyense, ndiye sitinakhale pabenchi poonekera paja. Anadzera khomo la kumbali mpaka m'kachipinda ka anesi a Faal, mayi wonenepa wa magalasi amene ankamuyeza chaka ndi chaka.

"Faal, ine undiyeza pambuyo. Yamba ndi uyu, mkazi mnzanga. Nkhope ilipo koma m'mutu mulibe kanthu." Anaponya mapiritsi aja patebulo.

Anesi anandimanga lamba pamkono, anandiyeza mkodzo, kenako anayamba mafunso. Mwana ali ndi miyezi ingati? Akuyamwa? Ndimasuta? Mwendo unatupapo? Mutu wanga umayamba bwanji? Nditafotokoza za timagetsi tija ndi dzanzi la m'zala, anavula magalasi.

"Mimba mulibe, thokozani Mulungu, chifukwa kamwedwe kanuko sikateteza munthu. Awa amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, kaya bambo alipo kaya apita ku Kaolack kukagula nkhosa. Piritsi silidziwa kuti lero waphika ndani, mayi. Koma inu musawamwenso, lero kapena tsiku lina lililonse."

"Ndi oipa?"

"Si oipa. Ine ndemwe ndawamwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndili gwa. Koma muli mankhwala amitundu iwiri, ndipo umodziwo umachititsa magazi kuundana msanga mwa anthu ena. N'chifukwa chake timayamba tayeza ndi kufunsa. Wa bipi yokwera sitimupatsa. Wosuta fodya amene wapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu sitimupatsa. Wongobereka kumene, kapena amene magazi anamuundanapo m'mwendo, ayi. Woyamwitsa kamwana ngati aka amaumitsa mkaka. Ndipo wa mutu woyamba ndi timagetsi ngati wanuwu, ameneyo ndiye amatha kugwa ndi sitiroko ali chiimire. Njira zina zilipo zopanda mankhwala amenewo. Ilipo jakisoni ya miyezi itatu, palibe amene angaione."

Koma ine chilichonse chodzera kwa Jonsaba ndinkachiona ngati msampha.

"Mutu umenewu ndakula nawo, sunandiphe," ndinatero. "Mwapangana kuti ndisiye, nditenge mimba, ndife, awa atsale okha pakhomo."

Ndodo inagwa patebulo, phwaa, mabotolo n'kudumpha.

"Tandiyang'ana pakamwa pano, bulu iwe! Yang'anitsitsa! Ukuganiza anapinda ndani? Domoda wako wopanda mchere uja?" Malovu ankatsika pachibwano pake koma sanapukute. "Ndinamwa omwewa. Pamkeka pomwepo. Bipi ili kumwamba ine osadziwa, mutu ukuphethira ngati wakowo. Miyezi inayi yokha, n'kugwera pamwendo pako. Ukufuna tikhale awiri pansi pa mango paja?"

Anesi anawerama n'kumalemba zimene sindikudziwa. Ndinavomera jakisoni ija ngati munthu wolota, ndipo singano sindinaimve n'komwe.

Pobwerera tinakhala pangolo misana itatembenukirana, mpaka tinadutsa pamene amagulitsa makala. Pamenepo zinandikanika.

"Munkadziwa."

"Ndinadziwa sabata yoyamba, achipatala atandifunsa zimene ndinkamwa."

"Zaka zisanu ndi zinayi, Koto! Ndikutsuka mabeseni a anthu! Mayi anga anafa akubisala m'nyumba chifukwa cha inu!"

"Usandikuwire, bulu angadzidzimuke. Ndikananena chiyani? Kuti mkazi wamkulu wa Kemo Darboe, wa zidzukulu kale, ankameza mapiritsi mobisa? Akanandipitikitsa ndi mwendo umodzi womwewu. Ndikanapita kuti, kwa wondidyetsa makoko uja?"

"Nanga munkawamweranji?"

"Chifukwa cha iwe." Anatembenuka kundiyang'ana m'maso, opanda manyazi ngakhale pang'ono. "Ndikanatenga mimba, zaka ziwiri zathunthu masiku anga ukanadya iwe, kamtsikana ka mabere oima. Pobwerera ndikanapeza a Kemo atandiiwala. Ndiye ndinanama pati? Ukanapanda kubwera iwe, bwenzi pano ndili kudimba."

Ndinafuna kumukankha agwere m'ngalande, ndipo Mulungu andikhululukire, dzanja ndinalitukula ndithu.

"Mukanene. Lero lomwe, pamaso pa Filijay."

"Ukanena zanga, ndinena zako. Tipite tonse kwathu pangolo yomweyi."

"Ndiye mwandipulumutsiranji, ngati mumandida chonchi?"

"Sona akukwatiwa chaka chamawa. Ukagwa iwe, andisambitsa ndani? Ndipo a Kemo angatenge wachitatu, ine n'kuyambiranso kuphunzitsa chitsiru china. Ndatopa."

Mkaka unabwerera, Karamo ananenepa, mutu unabwerera kukhala wa apo ndi apo. Mwezi wachitatu uliwonse tinkakwera ngolo ya wogontha uja, iye kukayezetsa bipi, ine kukalandira jakisoni, ndipo anthu ankati taonani mtima wa Jonsaba, akuyenda ndi womulodza. Sona atakwatiwa ndinkamusambitsa ndine, kumupesa ndine, ndipo pakakhala alendo madzi ndinkayambabe kumwa ndine. Ulendo uliwonse, tikafika pa makala paja, ndinkamufunsa kuti anena liti. Nthawi zina ankati mawa, nthawi zina ankati pamene bulu uyu adzamere nyanga. Zinatenga zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Sitiroko yachiwiri inamupeza nyengo yokumba mtedza. Kuchipatala anamusunga sabata imodzi n'kutiuza kuti tikamusamalire kunyumba, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Mawu anali atatsala pang'ono, onong'ona. M'mawa wina ndikumupukuta kumsana ndinamugwadira, ine amene ndinalumbira kuti sindidzamupemphanso kanthu.

"Koto, mukupita. Kumene mukupitako akakufunsani za ine. A Kemo sangathamangitse munthu ali pamphasa yomaliza, palibenso choopa. Zanga musanene, nenani zanu zokha. Ndichotseni dzina ili, ana anga akukula nalo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'diso lake la mbali yamoyo munali misozi. Ndinaiona ndi maso anga.

"Itana anthu," ananong'ona. "Akatha kupemphera swala yamasana."

Ndinathamanga ngati kamtsikana. Ndinaitana a imamu, ndinaitana amayi a kudimba, ndinaitana mkazi wa telala kuti nkhaniyo ifike msanga tauni yonse. Filijay ndinachita kukamutenga ndekha. Ndinasamba, ndinavala nsalu yanga yabwino imene ndinkasungira Tobaski, chikondwerero chathu cha Idi yopha nkhosa, ndipo ndinauza ana anga onse kuti asapite kutali.

Chipinda chinadzaza mpaka ena anaima pawindo. Monga amachitira munthu wotsanzika, Jonsaba anayamba kupempha chikhululukiro. Anapempha a Kemo chifukwa cha lilime lake, a Kemo n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Anapempha ana ake mmodzimmodzi, anapempha amayi amene anakangana nawo za madzi kudimba zaka makumi awiri zapitazo. Kenako anandikodola ndi chala. Anthu anapatuka, ndipo ndinagwada pafupi ndi mutu wake.

"Nonse mumve," anatero, a imamu akubwereza mokweza kuti a pawindo amve. "Zimene zinachitika pakhomo pano mukuzidziwa. Ine ndikupita kwa Mulungu, sindifuna kunyamula katundu. Mkazi mnzangayu, Tida…"

Mpweya unamuthera. Tinadikira. Ndinali nditayamba kale kulira ndi chimwemwe.

"Ndamukhululukira."

Chipinda chonse chinabuma. Amayi anagwirana, Sona anagwa pansi, a imamu anakweza manja n'kunena kuti mtima wotere sanauonepo chiyambire ntchito yawo. Filijay anandigwira pakhosi kumbuyo n'kundiweramitsa.

"Thokoza, iwe! Wapeza chisomo chimene sunayenere. Thokoza!"

Mawu anali pamilomo panga, onse, kuyambira pamkeka paja mpaka dzino lagolide. Koma ndani akanakhulupirira mfiti ikunamizira munthu wakufa? Akanandifunsa kuti wazimva kuti, ndipo yankho linali m'kachipinda ka anesi a Faal, kumene akanafunsanso kuti iwe unkakatani. Ndinayang'ana a Kemo, ndinayang'ana ana anga asanu atapanikizana pakhomo. Ndinagwira dzanja lake lamanja.

"Zikomo, Koto."

Anandifinya zala mwamphamvu, mphamvu imene sindinkadziwa kuti adakali nayo. Wina anganene kuti kunali kupepesa. Ine amene ndinamusambitsa zaka zisanu ndikuti ankandiuza kuti wapambana.

Anamwalira Lachinayi m'mawa. Ndimamuda Jonsaba, ndikunena poyera, ndipo sindikuona kuti ndidzasiya. Ndikudziwanso kuti manja anga onse awiri akugwira ntchito chifukwa cha iye, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima kuposa zonse.

Tsiku la maliro lomwelo, amuna atanyamuka kupita kumanda, mwana wanga woyamba Nyima anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutsuka mabeseni. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kusukulu anali atang'ambitsa madiresi angapo pomenyana ndi aliyense wonena kuti mayi ake ndi mfiti. Anaima patali pang'ono, osandiyandikira monga ankachitira.

"Amayi," anatero, "ndiye kuti munachitadi?"

Ndinamuuza kuti akatunge madzi, alendo achuluka.